Pa Sugiton amawerenga alendo, ndipo akuchita bwino

Kum'mwera kwa dziko la France, kumalire a mzinda wa Marseille, kuli kagombe kakang'ono kotchedwa Sugiton. Kuyambira mu 2022, m'masiku amene alendo amachuluka kwambiri m'nyengo yotentha ya kumeneko, munthu satsikira pa kagombeka asanalembetse dzina lake pa intaneti, ndipo ololedwa pa tsiku sapitirira 400. Lamuloli lisanabwere, masiku ena pankafika anthu okwana 2,500. Munthu ukamva zoti anthu akuwerengedwa ngati ng'ombe zolowa m'khola kuti akangosambira m'nyanja, mtima umayamba wakana, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti nyanja ilibe mwini. Ngakhale zili choncho, ife tikuti oyang'anira malowa achita chinthu choyenera. Chimene chatikhutiritsa kwambiri n'chakuti achepetsa anthu popanda kulipiritsa ngakhale khobidi limodzi.

Tiyambe ndi malowo, kuti tidziwe chimene anthu akulimbirana. Pakati pa Marseille ndi tauni ya Cassis, mapiri a miyala yoyera ya laimu amatsetsereka mpaka m'nyanja ya Mediterranean. Madzi anakumba zigwa zopapatiza m'miyalayo, ndipo nyanja inalowa m'zigwazo. Anthu a ku France amazitcha calanques. Kumapeto kwa chigwa chotere kumakhala kagombe ka timiyala tosalala kapena ka mchenga pang'ono, kotchingidwa ndi matanthwe uku ndi uku, moti mafunde safika mwamphamvu ndipo madzi amaoneka mpaka pansi. Mu 2012 boma la France linakhazikitsa Parc national des Calanques kuti liteteze dera limeneli, mahekitala pafupifupi 8,500 a pamtunda ndi 43,500 a panyanja. Vuto lake n'lakuti malo otetezedwawa ali pakhomo penipeni pa mzinda wachiwiri kukula m'dziko lonse la France. Munthu akhoza kudzuka m'nyumba ya nsanjika pakati pa mzinda, n'kukwera basi wamba, n'kukadyera chakudya chamasana m'mbali mwa madzi.

Njira yopita ku Sugiton imayambira pa Luminy, pomwe pali nthambi ya yunivesite ya Aix-Marseille, choncho ambiri mwa oyendamo ndi ophunzira ngati ife. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wa pansi wa pafupifupi ola limodzi, kudutsa m'mitengo ya paini kenako kutsika m'kanjira ka miyala yoterera. Kumusiko kulibe sitolo, kulibe mpopi, kulibe nkhokwe ya zinyalala. Madzi akumwa umanyamula wekha, chakudya umanyamula wekha, ndipo makoko ndi mapepala umabwerera nawo m'chikwama. Ukafika umapeza timagombe tiwiri ta timiyala ndi thanthwe lalitali lili m'madzi chapatali pang'ono, lomwe eni dera amalitcha Le Torpilleur chifukwa limaoneka ngati sitima ya nkhondo. Tsiku limatha ndi kusambira, kuuma pa mwala, kudya, kugona pang'ono pamthunzi ngati wapeza mthunzi, ndi kusambiranso. Mphepo ya kumpoto yotchedwa mistral ikaomba, imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba, moti ngakhale dzuwa liswe mtengo madzi amazizira mpaka kuwawa m'mafupa. Dzuwa likapendeka umayamba chitunda chobwerera, miyendo itatopa kale.

Tikaona bwino, palibe chodabwitsa pa tsiku lotere. Kulibe nyimbo, kulibe masewera okonzedwa, kulibe ogulitsa. Chimene munthu amavutikira ola lathunthu pa njira ya miyala ndi bata, madzi oyera, ndi malo oti ayale thawulo lake osaponda mwendo wa mnzake. Zinthu zitatu zimenezi zili ndi khalidwe limodzi: zimatha anthu akachuluka. Bwalo la mpira likadzaza masewera amakoma, msika ukadzaza malonda amayenda, koma kagombe kobisika kakadzaza, aliyense wa anthu 2,500 aja amabwerera asanapeze chimene anadzera. Ndiye tikamanena kuti lamulo lalanda anthu 2,100 ufulu wawo, tiyenera kufunsa kuti lawalanda chiyani kwenikweni. Tsiku labata pa Sugiton linali litatha kale lamulo lisanalembedwe. Linatha kwa onse, ndipo amene analithetsa ndi khamu lenilenilo.

Koma chifukwa chachikulu chimene oyang'anira anaperekera lamuloli chinali nthaka. Pa mapiri a laimu dothi ndi lochepa kwambiri, kagawo kopyapyala kogona pa thanthwe. Pa timiyala pakadzaza, anthu ankakwera m'mbali kukafuna pokhala pansi pa mitengo ya paini. Mapazi zikwizikwi tsiku ndi tsiku anapondereza dothilo, anapha timitengo tongomera kumene, ndipo mvula ikabwera inkakokolola dothi lomasukalo n'kulitsitsira m'nyanja. Mizu ya mitengo ikuluikulu inatsala pamtunda. Aliyense amene anaonapo munda wa pa phiri utakokoloka akudziwa kuti dothi limapita m'nyengo imodzi koma silibwerera m'moyo wa munthu mmodzi. Palibe mlendo amene anapita ku Sugiton ndi cholinga chowononga. Aliyense ankangofuna mthunzi. Kuwononga kwake kunachokera pa kuchuluka, ndipo chifukwa cha ichi zikwangwani zopempha anthu kuti asamale sizikanathandiza zokha. Anthu 2,500 aulemu amapondabe ndi mapazi 5,000.

Pansi pa madzi palinso china chosaoneka kwa wosambira wothamanga. M'nyanja ya Mediterranean mokha ndi mmene mumamera udzu wotchedwa Posidonia oceanica. Ndi chomera chenicheni chokhala ndi mizu, masamba ndi maluwa, ndipo chimapanga madambo aakulu pansi pa nyanja mmene nsomba zimaswana. Madambo amenewa amagwira mchenga, amafooketsa mafunde, ndipo amathandiza kuti madzi akhale oyera chonchija. Masamba ake ouma akaunjikana pa gombe, alendo ena amadandaula kuti ndi zinyalala, chonsecho ndi amene amatchinjiriza gombe kuti lisadyedwe ndi mafunde a nyengo yozizira. Udzuwu umakula masentimita ochepa chabe pa chaka. Bwato limodzi likaponya nangula n'kumukoka, limazula m'mphindi zochepa zimene zinatenga zaka makumi ambiri kuti zimere. N'chifukwa chake France inaika udzuwu m'gulu la zomera zotetezedwa mu 1988, ndipo boma la zilumba za Balearic ku Spain linaletsa kuponya nangula pa madambo ake mu 2018. Wofika pa kagombe ndi bwato ali ndi mlandu wake, monganso wofika wapansi.

Nanga khamu lonseli likuchokera kuti, poti timagombeti takhalapo kuyambira kalekale? Mbali ina yankho lili m'manja mwathu momwemu, m'mafoni. Munthu amafika m'mamawa anthu asanabwere, amajambula madzi obiriwira opanda munthu, amaika pa Instagram pamodzi ndi dzina la malo, ndipo amalemba kuti wapeza malo obisika. Chithunzicho chimanama kawiri: chimabisa khamu limene lifike ikamakwana 11 koloko, ndipo chimaitana khamu lina lokulirapo. Akuluakulu anati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Pa chilumba cha Mallorca pali kagombe kotchedwa Caló des Moro, kamene kanatchuka motere mpaka alendo ankaima pamzere pa kanjira kotsikira kumadzi kudikira kuti ena atuluke. Mu Juni 2024 eni dera analawirira m'mamawa n'kukadzaza kagombeko okha, atanyamula nsalu zolembedwa, pofuna kusonyeza kuti nawonso ali ndi gawo pa gombe la kwawo. Oyang'anira Calanques nawo anafika pochita zachilendo: m'malo mokopa alendo, anayamba kuonetsa zithunzi za magombe odzaza ndi kuchenjeza poyera kuti njira ndi yovuta ndipo madzi ndi ozizira.

Palinso alendo amene samangoponda, amanyamula. Ku Sardinia, chilumba cha dziko la Italy, boma la chigawocho linakhazikitsa lamulo mu 2017 loletsa kutenga mchenga, timiyala ndi zigoba za m'mbali mwa nyanja, ndipo chindapusa chake chimayambira pa ma euro 500 kufika 3,000. Mu 2019 banja lina lochokera ku France linagwidwa pa doko la Porto Torres lili ndi makilogalamu pafupifupi 40 a mchenga m'mabotolo. Pa kachilumba ka Budelli, kumpoto kwa Sardinia komweko, pali gombe limene mchenga wake unali wofiirira chifukwa cha zigoba za tizamoyo ting'onoting'ono tokhala m'madambo a udzu uja. Alendo anautapa pang'onopang'ono, aliyense kabotolo kake kokumbukira ulendo, mpaka mtundu wake unayamba kuzimirira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 palibe wololedwa kupondapo. Anthu amangoliona ali patali. Apa ndi pamene nkhani imathera malire akachedwa kuikidwa: chiwerengero cha ololedwa chimakhala ziro.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zopepuka. Yoyamba ndi ya ufulu. Ku France lamulo la m'mbali mwa nyanja la 1986 limanena kuti anthu oyenda pansi ali ndi ufulu wofika pa magombe, ndipo kugwiritsa ntchito gombe mwaulere ndiye cholinga chake chachikulu. Anthu a ku Marseille akhala akutsikira ku Sugiton kuyambira ali ana, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Kuwauza lero kuti ayambe atsegula foni n'kusungitsa malo kuli ngati kuuza munthu kuti agogode pa khomo la nyumba yake. Timamva kuwawa kwake. Koma lamulo lomwelo limalola kuchepetsa ufuluwo pofuna kuteteza chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo anazolowera kale malire a mtundu wina. Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 30 Seputembala, akuluakulu a boma amalengeza madzulo aliwonse ngati mapiriwo atsegulidwe mawa lake, ndipo tsiku limene chiopsezo cha moto chakula amatseka njira zonse. Palibe amene amati kutseka kumeneko n'kulanda ufulu, chifukwa moto umaoneka ndi maso. Kukokoloka kwa nthaka kumangosiyana ndi moto pa liwiro.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba. Kulembetsa pa intaneti kumakomera amene ali ndi foni yabwino, amene amadziwa pasadakhale tsiku lomwe adzapume, ndi amene anazolowera kudzaza mafomu. Mlendo wochokera ku London amene anakonza ulendo wake miyezi itatu yapitayo sadzavutika. Mnyamata wa m'madera osauka a kumpoto kwa Marseille, amene ganyu yake yatha mwadzidzidzi ndipo tchuthi chake chokha ndi basi ndi nyanja, akhoza kupeza malo atatha. Agogo osadziwa za QR code akhoza kungosiya. Apa sitikubisa mawu: malire alionse amene sasamala za anthu otere ndi opunduka. Tikuti paliponse pamene pali dongosolo lotere payenera kukhala njira yolembetsera pamaso, pa tebulo la munthu, ndiponso malo ena osungidwira eni dera ndi magulu a ana a sukulu. Komabe tikumbukire kuti lamulo la Sugiton limagwira ntchito m'nyengo yodzaza yokha. Miyezi yambiri ya chaka njira imakhala yotsegula kwa aliyense, ndipo eni dera ndi amene ali pafupi kuti adyerere miyezi imeneyo.

Chimene chimatichititsa kuima kumbali ya Sugiton ndi kuona njira ina imene dziko limakonda kutsata anthu akachuluka, yomwe ndi ndalama. M'madera ambiri a ku Italy, mbali yaikulu ya gombe inaperekedwa kwa amalonda amene amayala maambulera ndi mipando m'mizere, ndipo wofuna kukhala pafupi ndi madzi amalipira. Kumeneko bata lilipo, ukhondo ulipo, anthu ndi ochepa, koma amene wasefedwa ndi wosauka. Ku Greece zinafika poipa moti mu 2023 anthu a pa chilumba cha Paros anayamba kuguba pa magombe atanyamula mathawulo awo, kufuna malo amene amalonda anawalanda, ndipo zionetserozo zinafalikira ku zilumba zina. Mu 2024 boma la Greece linakhazikitsa lamulo lakuti magawo 70 pa 100 alionse a gombe azikhala opanda mipando yolipiritsa. Mtengo umachepetsa anthu mofulumira kuposa njira ina iliyonse, ndipo sufuna mlonda woima pa njira. Koma umasankha anthu poyang'ana m'thumba. Mndandanda waulere umasankha poyang'ana amene wafulumira kulembetsa, ndipo mwana wa mphunzitsi ndi mwana wa nduna amaima pa mzere umodzi.

Pakati pa njira ziwirizi pali malo ngati Cala Goloritzé, kum'mawa kwa Sardinia, m'dera la Baunei. Kagombe kameneka kanapangika mu 1962 pamene phiri linagumuka, ndipo pamwamba pake pali mwala wosongoka wotalika mamita 143. Wofuna kukhalapo amatsika wapansi kuchokera pa chitunda cha Golgo, mabwato a injini saloledwa kufika pa gombe, chiwerengero cha alendo chinaikidwa pa 250, ndipo aliyense amalipira ma euro ochepa. Sitikunena kuti kulipiritsa kulikonse ndi tchimo. Alonda amafuna malipiro, njira zimafuna kukonzedwa, ndipo dera laling'ono ngati Baunei silingasenze lokha katundu wa alendo a dziko lonse. Koma muyeso wathu ndi uwu: ndalamayo ikhale yolipirira ntchito yosamalira malo, ndipo ikhale yochepa moti wogwira ntchito wamba akhoza kuikwanitsa. Ikangokwera kufika pokhala chida chochepetsera anthu, ndiye kuti gombe lagulitsidwa ngakhale pepala la umwini likadali m'manja mwa boma.

Otsutsa ali ndi mfundo yachitatu: anthu obwezedwa pa Sugiton sabwerera kunyumba, amangopita ku kagombe kena koyandikana nako, ndipo vuto limangosamuka. Izi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti chipata chimodzi sichokwanira. N'chifukwa chake misewu yopita ku Sormiou ndi Morgiou, timagombe tina ta m'dera lomwelo, imatsekedwa kwa magalimoto masana m'nyengo yotentha, kuti wofikako akhale amene wavomera kuyenda. Koma mfundoyi ikutikumbutsanso kuti lamulo lili ndi pothera pake, ndipo kupitirira pamenepo patsala khalidwe la mlendo mwini. Mlendo wanzeru amapita mu Meyi kapena mu Okutobala m'malo mwa Ogasiti. Amayenda m'njira yolembedwa ngakhale yachidule ikuoneka. Sayatsa moto kapena fodya. Sabwera ndi chokuzira mawu. Amanyamula madzi okwanira kuti asakhale mtolo kwa opulumutsa anthu. Kamwala kokongola amakasiya pomwe wakapeza. Ndipo akajambula chithunzi, akhoza kusankha kusalemba dzina la malowo. Chomalizachi n'chovuta kwa m'badwo wathu, chifukwa tinazolowera kuti chimene sitinaonetse anzathu chili ngati sichinachitike.

Ambiri mwa ife mwina sitidzapondako ku Marseille, ndipo wina akhoza kufunsa kuti nkhani ya magombe a ku Ulaya ikutikhudza bwanji. Ikutikhudza chifukwa funso lake si lachilendo kwa anthu okhala ndi nyanja yawo. Ku Cape Maclear, m'kati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, kuli malo a miyala ngati Otter Point kumene mbuna zimasambira pafupi ndi munthu. Malo otere ndi aang'ono, ndipo kukoma kwawo n'kwa mtundu womwewo umene umatha anthu akachuluka. Tikudziwanso kale mmene zimakhalira munthu akafika m'mbali mwa nyanja n'kupeza mpanda ndi mlonda wofunsa ngati wagona pa malo ogona alendowo. Ena mwa ife amene tili m'makalasi lero tidzakhala m'maofesi oyang'anira zokopa alendo, m'makhonsolo ndi m'mabungwe a zachilengedwe. Tsiku limene tidzafunika kusankha pakati pa kuwerenga anthu ndi kuwalipiritsa, ndi bwino tidzakhale titaona kale mmene njira ziwirizi zinathera kwa anzathu.

Choncho maganizo athu ndi awa. Kagombe kakang'ono kali ndi mlingo wake, monga bwato lili ndi mlingo wake, ndipo woyendetsa bwato amene amakana munthu wowonjezera sitimutcha wankhanza. Malire aikidwe nthaka isanathe, osadikira zimene zinachitika ku Budelli. Malirewo akhale a chiwerengero, aulere kapena a mtengo wochepa kwambiri, ndipo akhale ndi khomo la munthu wopanda foni ndi la mwini dera. Wopeza malo atatha lero alembetse tsiku lina, podziwa kuti akadzafika adzapeza mthunzi wa paini, madzi oonekera pansi ndi malo oyala thawulo lake. Anthu 400 amene alowa lero pa Sugiton sanapambane anzawo pa chuma kapena pa ulemu. Anangolembetsa msanga, ndipo mawa mndandanda udzakhala ndi mayina ena.